Ku Marquèze, mudzi wofikako pa sitima yokha

Inu amene mumandifunsa ngati ku France kuli midzi, mverani izi. Ndikugwira ntchito m'minda ya kaloti m'chigawo cha Landes, kumwera kwa mzinda wa Bordeaux. Kuno ukayenda pamsewu umangoona mitengo ya paini mizeremizere mpaka maso kutopa. Nkhalangoyi ndi ya mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mbali yaikulu ndi yochita kubzala. Chimene chinalipo mitengoyi isanabwere ndinakachiona ku Marquèze, malo osungirako mbiri ya anthu akale a kuno, amene anatsegulidwa mu 1969.

Galimoto sifika kumeneko. Umaisiya m'tauni yaing'ono ya Sabres n'kukwera sitima yapamtunda yakalekale ya mipando yamatabwa, imene imakutula pakati pa nkhalango. Ukatsika, wafika pamudzi monga unalili chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800: bwalo la udzu, mitengo ikuluikulu ya mthunzi, nyumba zotalikirana, popanda mpanda uliwonse. Makoma ake ndi a matabwa omata ndi dothi losakaniza ndi udzu. Khonde limayang'ana kum'mawa, ndipo denga lakumbuyo limatsika kwambiri chifukwa mvula ndi mphepo zimachokera kunyanja ya Atlantic, kumadzulo. Khola la nkhuku analimanga m'mwamba pamitengo kuopa zilombo zausiku.

Kale dera lonseli linali mchenga ndi madambo. Nthaka yake inali yosabereka, moti anthu ankaweta nkhosa makamaka chifukwa cha manyowa, osati nyama. Masana nkhosa zinkadya kuthengo la mudzi wonse, usiku n'kugona m'khola, manyowawo n'kupita kumunda. Popanda nkhosa panalibe chokolola. Abusa ankayenda pa makanja, inde, mitengo yaitali yomanga kumiyendo ija, kuti asanyowe m'zithaphwi komanso aziona ziweto zili patali. Ankatha kuima choncho atatsamira ndodo, uku akuluka masokosi. Wina wa kuderali, Sylvain Dornon, mu 1891 anayenda pa makanja kuchokera ku Paris mpaka ku Moscow masiku 58.

Kukhitchini n'kumene ndinakhalitsa. Mayi wotiperekeza anafotokoza za chakudya chotchedwa cruchade: amabwatitsa madzi, n'kuthira ufa wa mawere kapena wa chimanga, n'kuvundula mpaka chilimbe. Ine ndinangoti, mayi, imeneyotu ndi nsima. Kusiyana kwake n'koti iwo ankaisiya izizire, n'kuidula zidutswa, kenako n'kukazinga m'mafuta. Buledi wawo anali wakuda, wa mbewu yofanana ndi tirigu yotchedwa rye, ndipo ankaphika wambiri nthawi imodzi woti adye masiku angapo. Ng'anjo yake ya nkhuni amaigwiritsabe ntchito, ndipo chigayo choyendera madzi chili kumtsinje chakumunsi.

Moyo wa abusa uja unatha chifukwa cha lamulo. Mu 1857, pa ulamuliro wa Napoléon III, boma linalamula kuti madera onse a kuno aumitse madambo ndi kubzala paini. Malo ambiri odyetserako ziweto, amene anali a aliyense, anagulitsidwa kwa anthu a ndalama. Mbusa wopanda busa agwire mtengo wanji? Ena pokwiya anatentha mitengo yongobzalidwa kumene, koma sizinasinthe kanthu. Ambiri anasanduka ogoma utomoni wa paini: kutema khungwa, kupachika kamphika kadothi, utomoni n'kumadontheramo, n'kukagulitsidwa kumafakitale. Ntchitoyo ankaigwira ngati matenanti, phindu n'kugawana ndi mwini mitengo. Pa Marquèze umalowa m'nyumba ya bwana ya mu 1824, kenako n'kulowa ya tenanti, ndipo sufunikanso munthu wokufotokozera kuti ndani ankadya thukuta la mnzake. Ichi n'chimene ndinawayamikira eni malowa, kuti sanabise umphawi wa makolo awo kapena kuupaka penti. Kugoma utomoniko nako kunatha cha mu 1990.

Zambiri zimene zikudziwika za moyo wa abusawo zinachokera kwa munthu mmodzi, Félix Arnaudin wa ku Labouheyre, amene anabadwa mu 1844 n'kumwalira mu 1921. Ataona kuti mitengo ikumeza dziko lake, anayamba kuzungulira pa njinga, kujambula zithunzi ndi kulemba nthano ndi nyimbo za m'chinenero cha Gascon. Anzake ankamuti wopenga. Pazithunzi zake pali chipululu chopanda mtengo mpaka kumene maso alekezera, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti ndi malo omwewa ndimadutsa popita kuntchito.

Nkhalangoyo nayonso ili ndi mavuto ake. Mphepo yamkuntho yotchedwa Klaus inagwetsa mitengo yosawerengeka mu Januwale 2009, ndipo mu 2022 moto unapsereza dera lalikulu cha ku Landiras. Anzanga akuntchito amati paini wokhawokha, wamsinkhu umodzi, sachedwa kuyaka.

Amene muli ku Bordeaux kapena ku Toulouse ndipo mukufuna kupitako, dziwani kuti m'nyengo yozizira amatseka. Pitani m'mawa, chifukwa malowo ndi aakulu ndipo paliponse mumayenda wapansi.