Bikaner kapena Jaisalmer: wofuna makaiti apite kuti, wofuna mchenga apite kuti

Amene akukonza ulendo wa ku Rajasthan, kumadzulo kwa India, amafunsa funso limodzi lomweli: masiku ndi ochepa, ndalama n'zowerengeka, ndiye apite ku Bikaner kapena ku Jaisalmer? Mizinda yonse iwiri ili m'chipululu cha Thar, yatalikirana makilomita pafupifupi 330, ndipo konseko kuli malinga akale ndi ngamila. Yankho lenileni lagona pa mwezi umene mukupita ndi chimene mukufuna kukaona.

Tiyambe ndi cholakwa chimene chimadyera anthu ndalama pachabe. Munthu amamva kuti ku India amaulutsa makaiti pa 14 Januwale, tsiku la Makar Sankranti, ndiye amagula tikiti ya ku Bikaner ya sabata imeneyo. Akafika amapeza chikondwerero cha ngamila, chomwe n'chosangalatsa ndithu, koma kumwamba kuli mbee. Za pa 14 Januwale ndi za ku Jaipur ndi ku Ahmedabad. Anthu a ku Bikaner amaulutsa awo pa Akha Beej ndi Akha Teej, masiku awiri otsatizana m'mwezi wa Vaishakh pa kalendala ya Chihindu. Masikuwa amagwa kumapeto kwa Epulo kapena koyambirira kwa Meyi, ndipo deti yake imasintha chaka ndi chaka chifukwa amawerengera mwezi wa kumwamba. Musanalipire ndege, fufuzani tsiku la Akshaya Tritiya la chaka chimenecho, ndilo Akha Teej. Kenako bwererani m'mbuyo tsiku limodzi, chifukwa Akha Beej ndi tsiku limene mzindawu umakumbukira kukhazikitsidwa kwake ndi Rao Bika mu 1488. Bika anali mwana wa Rao Jodha, amene anayambitsa mzinda wa Jodhpur.

Pa masiku awiriwa mabanja amakwera pamadenga afulati kusanatenthe, atanyamula makaiti mitolomitolo. Chosowa kwina ndi chanda, kaiti yaikulu yozungulira imene amaijambula zithunzi n'kulembapo ndakatulo kapena uthenga kwa anthu. Imeneyi si ya nkhondo yodulirana ulusi, amaikweza ngati mwambo wa tsikulo. Nkhondo imachitika ndi makaiti ang'onoang'ono a pepala lopyapyala ndi timitengo tiwiri ta nsungwi, kamodzi kowongoka ngati msana, kena kopindika ngati uta. Ulusi wa wina ukaduka, denga lonse limakuwa kuti "boi katya", kutanthauza kuti yadulidwa, ndipo ana amathamangira kaiti yodukayo m'tinjira ta mzinda.

Jaisalmer ilibe mwambo wa makaiti wofika pamenepa. Pa nkhani iyi mpikisano palibe.

Mpikisano weniweni uli m'sitolo yogulitsa ulusi, ndipo apa mlendo achenjere. Ulusi wa nkhondo amautcha manjha, ndipo ulipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa thonje, wopakidwa phala la mpunga losakaniza ndi galasi losinja, ndipo wotchuka kwambiri umachokera ku Bareilly, ku Uttar Pradesh. Umagulitsidwa potengera kuchuluka kwa tizingwe tolukidwa pamodzi: 6, 9 kapena 12. Wa 6 ndi wopepuka, umakweza kaiti ngakhale mphepo ili yochepa, koma suchedwa kuduka. Wa 12 ndi wolimba koma wolemera, kotero kuti pa kaiti yaing'ono umagwa mimba pakati, kaitiyo n'kusiya kumvera dzanja. Wongoyamba kumene atenge wa 9. Wachiwiri ndi wa nayiloni, umene anthu amautcha Chinese manjha ngakhale wambiri umapangidwa mu India momwemo. Ndi wotchipa, suduka msanga, ndipo ogulitsa ena amaukankhira kwa alendo mwamseri ati "wamphamvu". Musaugule. Bwalo loona za chilengedwe la National Green Tribunal linauletsa m'dziko lonse mu 2017, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ulusi wa thonje ukatsala m'mitengo umaola. Wa nayiloni umakhala pomwepo miyezi, ukudula mapiko a nkhunda ndi mbalame zina. Ukapingasa msewu umacheka khosi la woyendetsa njinga yamoto, n'chifukwa chake m'nyengo ya makaiti mumaona njinga zina zitamangidwa waya wopindika kutsogolo. Wina amaupaka ufa wa chitsulo, ndiye ukakhudza mawaya a magetsi, wogwira ulusiyo ali pangozi. Kuuzindikira n'kosavuta: kokani kachidutswa ndi manja awiri mutakulunga nsalu. Wa thonje umaduka n'kuonetsa ubweya kunsonga, wa nayiloni umatamuka. Mukauyandikiza ku moto wa machesi, wa thonje umapsa n'kusanduka phulusa, wa nayiloni umasungunuka n'kupanga kampira kolimba.

Musadzaze chokulungira chonse ndi manjha. Odziwa amayamba ndi ulusi woyera wopanda galasi, wotchedwa saddi, ndipo manjha amaumangirira kutsogolo kokha, kumene kukakumane ndi ulusi wa mdani. Potero ndalama zimachepa ndipo zala zimapulumuka, ngakhale ndi bwino kukulungabe pulasitala pachala cholozera. Pamafunika anthu awiri, wina kugwira chokulungira, chomwe amati charkhi, wina kuyendetsa kaiti.

Kaiti ikamangozungulira kapena kugwa chamutu, kawirikawiri vuto ndi kamangidwe ka chingwe cha pachifuwa, kanni. Boolani timabowo tiwiri pamene uta wadutsana ndi msana, tina tiwiri chakumunsi kwa msanawo, n'kumanga ulusi umodzi mbali zonse ziwiri. Mfundo ikhale pamene mwendo wakumtunda wafupikirako pang'ono, ngati kukula kwa chala chimodzi. Miyendo ikafanana kaiti imavuta kukwera, ndipo wakumtunda ukafupika mopyola imagona chafulati n'kumayandama yopanda mphamvu. Ikamakokera mbali imodzi, uta ndi wolimba mbali ina: upindeni pang'onopang'ono, kapena mangani kachidutswa ka ulusi kunsonga ya mbali yopepukayo. Podulana pali njira ziwiri. Dheel ndi kumasula ulusi mwachangu kuti uzitsetsereka pa wa mnzanu ngati sowo, ndipo imafuna mphepo yabwino. Kheench ndi kukoka mofulumira ndi manja onse awiri. Amene waimitsa ulusi wake pa nthawi yokumanayo ndiye amadulidwa.

Mtengo wa zonsezi ndi dzuwa. Pa Akha Teej kutentha ku Bikaner kumapyola madigiri 40, ndipo amene anazolowera Nsanje ya mu Okutobala asadzitame, mphepo ya kuno ndi youma ndipo imanyamula fumbi. Eni ake amadziwa chochita. Amadya khichda, phala lolimba la mchewere kapena tirigu wokonola wophika ndi nyemba zazing'ono, n'kumwera imlani, madzi a bwemba otsekemera. Masana enieni tsikani padenga.

Tsono Jaisalmer. Kukongola kwake sitingakukane. Linga lake, lomwe Rawal Jaisal anayamba mu 1156, lili paphiri la Trikuta, lomangidwa ndi miyala yachikasu, ndipo anthu akukhalabe m'kati mwake mpaka lero. Bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika padziko lonse mu 2013 pamodzi ndi malinga ena a pamapiri a Rajasthan. Milu ya mchenga ya ku Sam, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, imaposa chilichonse chimene Bikaner ingakuonetseni. Wofuna chithunzi cha ngamila pamchenga dzuwa likulowa apite kumeneko pakati pa Novembala ndi Febuluwale.

Koma kumeneko n'kumene thumba limabooka. Pa siteshoni ya sitima mlendo amalandiridwa ndi anthu olonjeza chipinda pa mtengo wotsika modabwitsa. Chipindacho ndi nyambo. Phindu lawo lili pa ulendo wa ngamila umene adzakugulitseni mukangoika chikwama pansi, ndipo mukanena kuti mwalipira kale kwina, nkhope zimasintha, mwinanso chipinda chija "chapezeka kuti chili ndi mwini wake". Ulendo womwewo uli ndi misampha yake. Mawu akuti "safari" angatanthauze mphindi zochepa pamsana pa ngamila pakati pa khamu la anthu ndi magalimoto. Galimoto yokwera pamilu ya mchenga imakhala ndi mtengo wake, kupita patsogolo pang'ono mtengo wina, ndipo zimanenedwa muli kale pakati pa chipululu, pamene simungakane. Musanapereke ndalama, alembe papepala maola a pangamila, malo ogona, ngati madzi akumwa, chakudya ndi mabulangete zili momwemo, ndiponso amene adzakubwezeni mumzinda. Kufuna bata, funsani za ku Khuri, mudzi wina wa milu ya mchenga, m'malo mwa Sam. Pa zogona, sankhani kunja kwa linga. Linamangidwa nthawi imene madzi ankatungidwa ndi mitsuko, ndipo madzi a m'mipope ya mahotela akulowa pansi n'kufooketsa makoma.

Ku Bikaner okokera alendo aliko, koma mzindawu sudalira alendo okha, umadya za malonda ake, makamaka bhujia, tokazinga ta ufa wa nyemba za moth tomwe timatumizidwa m'dziko lonse. Linga la Junagarh, lomwe Raja Rai Singh anamanga pakati pa 1589 ndi 1594, lili pachidikha osati paphiri, ndiye kunja silikopa maso ngati la Jaisalmer. M'kati ndi nkhani ina: zipinda zopakidwa golide, ndiponso ndege ya DH.9 ya nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Malo ofufuza za ngamila, omwe anatsegulidwa mu 1984 kunja pang'ono kwa mzinda, amagulitsa ayisikirimu wa mkaka wa ngamila. Ku Deshnok, makilomita 30 kummwera, kuli kachisi wa Karni Mata wokhala ndi makoswe zikwizikwi amene amalemekezedwa, ndipo mumalowa mutavula nsapato. Wa nseru angosiya.

Za mayendedwe, Bikaner ili pafupi ndi Delhi kuposa Jaisalmer. M'mizinda iwiriyi matikiti ambiri olowera m'malo okopa alendo amakhala okwera kwa mlendo wakunja kuposa kwa nzika, ndipo kwina kamera imalipiridwa payokha.

Ife tasankha Bikaner, ndipo sitibisa. Koma dziwani kuti phwando la makaiti lilibe bwalo lolipira pakhomo, limachitikira pamadenga a anthu. Pezani malo ogona m'nyumba ya banja mumzinda wakale, cha ku nyumba zakale za banja la amalonda la Rampuria, ndipo mufunsiretu ngati denga lawo likhala lotsegukira alendo pa Akha Teej. Hotela yaikulu ya kunja kwa mzinda ingakupatseni dziwe losambiramo, koma makaiti mudzawaonera patali ngati timadontho. Padengapo yang'anani kaye pamene khoma lathera musanayang'ane kumwamba, chifukwa madenga ambiri ali ndi kampanda kofika m'mawondo basi, ndipo woyendetsa kaiti amabwerera chambuyo osazindikira.