Ndemanga ya kit ya U-boat Type VIIC, sikelo 1:144: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Kit iyi ndi ya pulasitiki, ya sitima yankhondo ya ku Germany yoyenda pansi pa madzi, mtundu wa Type VIIC. Maonekedwe a thupi lake ndi olondola ndipo zidutswa zikuluzikulu zimagwirana bwino. Koma amene angomata, n'kupaka penti wotuwa, n'kuika pa shelefu, adzangokhala ndi chidole. Chinsinsi chonse chagona pa nambala ya 144 yolembedwa pa bokosi. Sitima yeniyeni inali yaitali mamita 67.1, ndiye kasitima kanu kakatha kamakwana masentimita 46 ndi theka. Munthu wamtali mita 1.75 akanaima pa deki yake akanakhala wa mamilimita 12 okha. Choncho kamzere ka dzimbiri ka milimita imodzi m'lifupi ndi mzere wa masentimita 14 pa sitima yeniyeni, ndipo dontho la guluu longa kanjere ka mpunga ndi chimwala. Mukaiwala zimenezi pa sitepe iliyonse, ntchito imaoneka yolemera ndi yabodza.

Mu bokosi muli mbali ziwiri za thupi, deki, nsanja, mfuti ya 88 mm, mapulopela awiri, matsigiro awiri, timapiko takutsogolo ndi takumbuyo, choikirapo ndi kapepala ka ma decal (tizithunzi toviika m'madzi n'kumata pa kasitima). Guluu, penti ndi bulashi mulibe, ndipo apa ndi pamene ife a ku Mzuzu tiyenera kuganiza msanga. Poitanitsa kit, itanitsani pamodzi guluu wamadzimadzi wa pulasitiki monga Tamiya Extra Thin Cement, putty wa ma model (phala lotsekera timipata), pin vise (kachogwirira kobowolera pamanja) ndi timisomali tobowolera ta 0.5 ndi 0.8 mm. Zinazo mudzazipeza m'tauni: sandipepala wonyowetsa wa 400, 600 ndi 1000 amene amagwiritsa ntchito a panel beating, masking tape, lezala, supagulu, zotokosera m'mano ndi thonje la m'makutu.

Musanadule chilichonse, tsukani mafulemu onse (timitengo tapulasitiki tomwe timagwira zidutswa) m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi madontho awiri a sopo wotsukira mbale, ndipo aume okha. Chidutswa musachithyole ndi zala. Dulani patali pang'ono, chotsalacho musenge ndi mpeni, chifukwa mukathyola mumazula nyama ya chidutswacho n'kusiya dzenje loyera.

Nyenyezi imodzi ndachotsa makamaka chifukwa cha mabowo a m'mbali. Type VIIC inali ndi thupi lolimba lamkati lomwe ankakhalamo anthu, ndipo pamwamba pake panali chigoba chopyapyala chokhala ndi mabowo ambirimbiri oti madzi azilowa ndi kutuluka pomira ndi poyandama. Mu kit mabowowa ndi tizigwa tosabooka. Mungathe kungothiramo penti wakuda, ndipo patali zimaoneka bwinoko, koma kuwala kukagwera cham'mbali zimadziwika kuti ndi zojambula. Kuwabowola ndi ntchito ya madzulo atatu kapena anayi, ndipo ndi imene imasintha kit yonse. Musayambire kunja. Tembenuzani mbali ya thupi, palani mkati kuseri kwa mzere wa mabowo ndi mpeni wopindika kapena sandipepala wa 400 wokulunga pa pensulo. Palani pang'ono, yang'anitsani pa kuwala kwa zenera, palaninso. Tizigwa tikayamba kuwala ngati pepala lopaka mafuta, siyani. Tsopano bowolani ndi 0.5 mm kumapeto onse awiri a bowo lililonse, pakati mudule ndi nsonga ya mpeni watsopano. Kugwiritsa ntchito drill ya magetsi n'kuwononga: imathamanga, pulasitiki imatentha n'kusungunuka, ndipo timizati tapakati pa mabowo timagwa. Kamzati kakaduka, matani kachidutswa ka fulemu kuseri, kaume usiku wonse, kenako musenge.

Mabowo akatseguka pamabwera vuto lina, loti diso limadutsa n'kutulukira mbali inayo. Thupi lamkati la sitima yeniyeni linali mamita 4.7 m'mimba mwake, omwe pa sikelo yathu ndi mamilimita pafupifupi 33. Paipi ya PVC ya mawaya a magetsi ya 25 mm, yong'amba pakati m'litali, yopenta imvi yoderako, imakwanira kutseka kuwalako ndipo imaoneka ngati chitsulo chozungulira mukasuzumira. Mkati mwa thupi monse pentaninso mwakuda musanatseke. Nthawi yomweyo ganizirani za choikirapo. Cha mu bokosi n'chopepuka ndipo sitima imasendemuka mukaigunda. Bowolani mabowo awiri pansi pa thupi, matani manati awiri a M3 mkati ndi guluu wa epoxy, kuti pamapeto mudzamangire pa thabwa. Kathabwa ka paini wa ku Chikangawa ka masentimita 55 m'litali, kopala bwino n'kupaka vanishi, kamakwana. Mukaiwala manatiwa n'kutseka thupi, mwayi wapita.

Polumikiza mbali ziwiri musapake guluu mzere wonse nthawi imodzi. Yesani kaye popanda guluu, deki ili pamalo pake, mumange ndi timizere ta tepi. Kenako yambani kutsogolo: gunditsani kabulashi ka guluu pa msoko, guluu ayenderera yekha, finyani masekondi 30, pitani patsogolo masentimita asanu. Kamzere ka pulasitiki yosungunuka kakatumphuka pa msoko musakapukute. Kasiyeni kaume maola 24, mudzakapale ndi msana wa mpeni, ndipo msoko udzazimirira popanda putty. Pa kit yanga panatsala kampata kumbuyo pafupi ndi matsigiro ndi kena m'mphepete mwa deki. Apa putty wochepa wa pa nsonga ya chotokosera m'mano ndi wokwanira, koma matani tepi mbali zonse ziwiri za msoko musanakwechese, apo ayi sandipepala adya timizere ta zitsulo tomwe simungatibwezeretse. Body filler wa galimoto ayi: akauma amalimba kuposa pulasitiki, ndiye pokwechesa pulasitiki ndi imene imatha, iye n'kutsala ngati chulu.

Zitsulo zogwirira za pa nsanja n'zonenepa. Chimodzi n'chonenepa pafupifupi milimita imodzi, kutanthauza chipaipi chokula kuposa mkono wa munthu. Amene ali ndi dzanja lokhazikika achotse, apange zina ndi timawaya ta kopa ta mkati mwa chingwe chakutha cha magetsi. Amene akuyamba kumene angozipala kuti zichepe. Mawaya a eriyo ochokera pa nsanja kupita kutsogolo ndi kumbuyo musapange ndi ulusi wosokera, umachita ubweya ndipo kukachita chinyontho umalendewera. Tenthetsani kachidutswa ka fulemu pamwamba pa kandulo, kakafewa mukoke pang'onopang'ono mpaka kaonde ngati tsitsi. Kapena gwiritsani ntchito twaini wa mbedza woonda kwambiri. Zonsezi, pamodzi ndi ma periscope (timapaipi toonera kunja sitima ili pansi pa madzi) ndi mfuti, mumate pomalizira penipeni. Supagulu mutape ndi nsonga ya singano. Akachuluka amasiya chifunga choyera mozungulira, makamaka kukakhala chinyezi.

Musanatsegule penti, sankhani chaka cha sitima yanu. Type VIIC zinayamba ntchito mu 1940 ndipo zinamangidwa 568, choncho sizinali zofanana. Chodulira maukonde cha pamphuno n'cha masiku oyambirira. Mfuti ya pa deki inachotsedwa pa zambiri kuyambira 1943, pamene ndege zinakhala mdani wamkulu ndipo mfuti zowombera ndege zinawonjezedwa kuseri kwa nsanja. Manambala akuluakulu oyera pa nsanja anafufutidwa nkhondo itayamba mu 1939, ndiye pa VIIC ikani chizindikiro cha sitimayo basi. Zithunzi za U-995, yomwe ili pamtunda ku Laboe pafupi ndi Kiel, n'zothandiza poona kaumbidwe ka kumbuyo ndi mapulopela, koma imeneyo ndi VIIC/41 ya kumapeto kwa nkhondo ndipo penti wake ndi wa kumalo osungirako zakale. Musakopere mtundu pamenepo.

Pansi pa sitimazi sipanali pofiira ngati pa sitima zonyamula katundu. Panali imvi yodera kwambiri, yomwe inkakwera mpaka pamwamba pa matanki otumphuka a m'mbali. Kumtunda kunali imvi yowala kapena yapakati, imene a Kriegsmarine, asilikali apamadzi a Germany a nthawiyo, ankaitcha Hellgrau 50 ndi Dunkelgrau 51. Pa penti wa Tamiya, XF-19 kumtunda ndi XF-63 kumunsi zimafika pafupi. Mu penti wakumunsi thirani dontho limodzi loyera pa madontho khumi, chifukwa pa kanthu kakang'ono mtundu wodera umameza tizinthu tonse. Deki inali ya matabwa opaka mankhwala akuda. Ipenteni yakuda mosakaniza ndi bulauni pang'ono, ndipo kumbukirani mawu awa pofika pa dzimbiri: thabwa silichita dzimbiri.

Nyengo ya kuno ndi imene imawononga ntchito zambiri kuposa kit. M'mawa wa nkhungu, kapena masiku amene mvula yamawawa yakakamira, penti wopopera ndi vanishi zimagwira chinyontho cha mu mpweya zisanaume, ndipo thupi lonse limatuwa ngati mwawaza ufa. Poperani pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko dzuwa litawomba. Mu June ndi July, imikani chitini cha penti m'madzi ofunda mphindi zisanu, osati otentha, mugwedeze mphindi ziwiri zathunthu, mupopere mutatalikira masentimita 25, modutsa mwachangu kawiri kapena katatu. Chitini chozizira chimalavula madontho. Ndipo dzuwa la masana musaumitsirepo kasitima, kamapindika. Kavundikireni ndi katoni yoyera m'nyumba. Penti wa enamel amene amati amauma maola 24, m'nyengo yozizira mupatseni 48. Munganunkhize: fungo likadalipo, mkati sanaume.

Chenjezo lalikulu ndi thinners wa ku hardware. Uja wa penti wa galimoto amasungunula pulasitiki ya kit pompo, deki n'kuchita makwinya. Ntchito yake ndi kutsuka bulashi basi. Penti wa acrylic musungunule ndi thinner wake kapena madzi malinga ndi mtundu, wa enamel ndi wa oil musungunule ndi white spirit. Ngati mulibe airbrush (kachipangizo kopopera penti ndi mpweya), bulashi yathyathyathya yofewa imagwira ntchito: penti akhale wamadzimadzi ngati mkaka, mupake katatu mopyapyala, kuyambira pamwamba kutsika pansi. Timizere ta bulashi tikaloza pansi timaoneka ngati mmene madzi amayenderera, pamene topingasa timaoneka ngati kulakwitsa. Pakani wowala kaye, aume, mumate tepi, kenako wodera. Tepi muyambe mwaimata pa nsalu kawiri kuti iphwe mphamvu, ndipo m'mphepete mwake mudule ndi lezala pa galasi, chifukwa m'mphepete mwa mpukutu mumakhala fumbi.

Mitundu ikauma, pakani vanishi yonyezimira ya acrylic. Imagwira ntchito ziwiri: ma decal amamata popanda mpweya kunsi, womwe umachititsa kuti aziwala ngati siliva, ndiponso imateteza penti ku white spirit. Mukalumpha sitepe iyi pa penti wa enamel, wash, penti wamadzimadzi wodetsera mizere, adzanyambita zonse mpaka pulasitiki. Ma decal a kit iyi ndi ochepa koma okhuthala pang'ono, ndiye muwaviike m'madzi ofunda masekondi 20 ndipo mudule m'mphepete moyandikira chithunzi.

Pokalambitsa sitima mufunika machubu atatu okha a penti wa oil: wakuda, burnt umber (bulauni woderako) ndi burnt sienna (bulauni wofiirira). Finyirani pang'ono pa katoni kwa ola limodzi kuti mafuta amwerere, apo ayi adzatenga sabata osauma ndipo adzanyezimira. Wash ndi penti wonga njere ya nyemba mu supuni yaing'ono imodzi ya white spirit, akhale ngati tiyi wopanda mkaka. Musasambitse sitima yonse. Gunditsani nsonga ya bulashi pa mizere, pa zitseko ndi m'tizigwa ta deki, ayenderere yekha. Pakatha mphindi 20, pukutani wopitirira ndi thonje lonyowa pang'ono, kutsika pansi.

Dzimbiri ndi pamene ambiri amataya sitima yabwino. Sitimazi zinkapita ulendo wa masabata angapo n'kubwerera ku madoko monga Brest, Lorient ndi Saint-Nazaire, kumene zinkakonzedwa ndi kupentedwanso. Sizinali zotayidwa. Mukapita ku Nkhata Bay, imani pa doko muyang'ane chombo chachitsulo chilichonse: dzimbiri limayambira pa bowo, pa nati kapena pokhulika, n'kutsika mzere woonda womwe umazilala kumunsi. Chitani chomwecho. Ikani kadontho ka burnt sienna konga nsonga ya singano pansi pa bowo, mukokere pansi kamodzi ndi bulashi yathyathyathya yongonyowa pang'ono. Bowo limodzi mwa asanu kapena asanu ndi limodzi ndi lokwanira, ndipo mizere isafanane kutalika. Malo ena oyenera ndi pa nangula, pa zitseko za torpedo (mabomba oyenda pansi pa madzi) kutsogolo ndi m'munsi mwa nsanja. Kumbuyo, m'mbali zonse ziwiri potulukira utsi wa injini za dizilo, pakani mwaye wa pastel (choko chojambulira) wakuda wopala pa sandipepala, moloza kumbuyo. Pa deki, pomwe anthu ankapondaponda mozungulira mfuti ndi zitseko, pukutani ndi bulashi youma yokhala ndi bulauni wowala. Pamzere wa madzi, kamzere kozilala ka imvi yoyererako kosapitirira mamilimita awiri kamaonetsa mchere ndi ndere.

Zikauma masiku atatu, tsekani ndi vanishi yosanyezimira, tsiku louma. Pastel amazilala pansi pa vanishi, ndiye mwaye muwonjezere pang'ono pambuyo pake.

Kit iyi ndingailimbikitse kwa amene anamangapo kale ndege kapena galimoto imodzi. Woyamba kumene angaithe ngati asiya mabowo osabowola n'kuwadetsa ndi wash. Poitanitsa, uzani wotumiza aike bokosilo mkati mwa katoni ina yolimba, chifukwa ndi lalitali ndipo m'basi amalisanjikiza katundu. Likafika yang'anani kaye zitsulo za pa nsanja ndi ma periscope, ndi zimene zimathyoka panjira. Ndipo musanamange mawaya a eriyo, pitani kwa odula magalasi akudulireni chivundikiro cha masentimita 55 m'litali, 12 m'lifupi ndi 16 msinkhu, chifukwa mawayawo akangomangidwa simungapukutenso fumbi popanda kudula limodzi.