Windows, Linux Mint kapena Debian: iti imaona zida za laputopu zathu za kaunjika?

Aphunzitsi anzanga kuno ku Ulongwe sakundipatsa mpata. Aliyense akagula laputopu ya kaunjika, kaya yalowera pa Calomue kuchokera ku Lilongwe, kaya abale abwera nayo ku Joni, funso ndi lomwelo: tiikemo chiyani? Za kukongola kapena kuyaka msanga sindinenapo. Chimene chimatiswetsa mutu ndi nthawi yoika ija, makina akamakana kuona disiki kapena Wi-Fi. Ndiyerekeza mapulogalamu atatu oyendetsa kompyuta amene ndimayenda nawo pa fulashi: Windows, Linux Mint ndi Debian (awiri omalizawa ndi mitundu ya Linux).

Ndiyambe ndi disiki, chifukwa apa ndi pamene anthu akuberedwa. Mlamu wanga anagula laputopu ya Intel ya m'badwo wa 11, yabwinobwino. Anapita nayo kwa wokonza makompyuta wina mumzinda wa Tete kuti amuikire Windows, koma atafika posankha disiki, pa skirini panali poyera, opanda kanthu. Wokonzayo anati SSD, yomwe ndi disiki ya laputopuyo, yafa. Anamugulitsa ina, namulipiritsanso ya ntchito, yakale ija n'kutsala nayo ati ndi yotaya. Itandipeza laputopuyo ndinalowa mu BIOS, pamene pamasinthidwira zoikamo za makina Windows isanayake, ndipo ndinapeza VMD, chimene chinkabisa disikiyo, atazimitsa kale. Ndiye kuti munthuyo ankadziwa bwino lomwe kuti vuto silinali SSD. Imeneyi imandiwawabe mpaka lero, poti ndalamazo zinali za mbatata ya kachewere imene mlamu anavutika nayo kudimba.

Nkhani yake ndi yakuti malaputopu ambiri a Intel kuyambira m'badwo wa 11 amaika SSD kuseri kwa chinthu chotchedwa VMD, ndipo pulogalamu yoikira Windows nthawi zambiri ilibe dalaivala wake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira chida. Njira zilipo ziwiri. Mutha kutenga dalaivala wa Intel RST pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, kumuika pa fulashi, n'kudina Load driver pa skirini yoyera ija. Kapena lowani mu BIOS, pa F2 ngati ndi Dell, Acer kapena Asus, pa F10 ngati ndi HP, muzimitse VMD. Sipafunika kugula kanthu.

Mint ndi Debian zimaiona SSD yoteroyo pazokha, chifukwa dalaivala wa VMD ali kale mu kernel, mtima wa Linux. Zimakakamira pa makina akaleko amene disiki yake inaikidwa pa RST kapena RAID, ndipo pamenepo mumasintha kupita pa AHCI. Koma chenjerani: ngati muli Windows imene mukufuna kuisunga, mukangosintha chisawawa idzakulandirani ndi skirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Musachite mantha, mafayilo sanapite. Bwezerani mmene zinalili, iyaka.

Pa Wi-Fi ndi pamene mtima wanga unachokera pa Windows 11. Yamtundu wa Home imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft musanamalize kuika. Tsono ikapanda kuzindikira khadi ya Wi-Fi, mumangokhala mukuyang'ana skirini yopempha netiweki, pamene dalaivala woti akupatseni netiwekiyo ali pa intaneti pomwepo. Amene ali ndi rauta ndi chingwe amadutsa. Ife timadalira mamega a pa foni, kaya a Movitel kaya a Vodacom, ndipo fayilo yoikira Windows 11 payokha imapitirira 5 GB, maapudeti asanayambe kudya.

Mint nayo imapunthwa, makamaka pa makhadi a Broadcom amene amapezeka mu ma HP, Dell ndi Lenovo ambiri akale. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala ali pa fulashi yomweyo. Mukamaliza kuika, tsegulani Driver Manager, bwezeranimo fulashi ija, dalaivala wa Broadcom atengedwa pomwepo popanda kuwononga mega ngakhale imodzi. Zikavuta, lumikizani foni ya Android ndi chingwe, yatsani USB tethering, Mint iiona ngati netiweki nthawi yomweyo.

Kale Debian inkalira fayilo ya firmware, kapulogalamu kamene khadi imafuna kuti iyake, pakati pa ntchito, munthu n'kumathamanga kukabwereka kompyuta ina. Kuyambira Debian 12 ya mu June 2023, firmware ija imabwera limodzi ndi pulogalamu yoikira, choncho makhadi a Intel ndi Realtek ambiri amayaka okha. Ndimailemekeza, koma sindipatsa munthu wongoyamba kumene. Kafayilo kake kakang'ono ka netinst kamanyenga: n'kopepuka pokatenga, koma zotsala zonse kamakoka pa intaneti, ndipo Broadcom uja mumamusakabe nokha.

Mukafuna kudziwa khadi imene muli nayo, pa Linux tsegulani Terminal, lembani lspci -nn. Pa Windows pitani mu Device Manager, chida chimene chili ndi chizindikiro chachikasu muyang'ane Hardware Ids. 14E4 ndi Broadcom, 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek.

Skirini ikada bii poyatsa fulashi ya Mint, kawirikawiri ndi khadi ya Nvidia. Sankhani compatibility mode.

Windows ndiipatse zake. Pa maprinta ena a Canon LBP amene ali m'maofesi ndi m'masukulu, komanso pa kachida kowerenga chala, imapambana kutali. Amene ntchito yake imayendera pulogalamu ya Windows yokha, akhale komweko. Koma dziwani kuti Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachida ka chitetezo ka mkati mwa makina, ndi Intel wa m'badwo wa 8 kupita kutsogolo, pamene zambiri zimene timagula ndi za m'badwo wa 4, 5 kapena 6. Windows 10 nayo thandizo lake linatha pa 14 October 2025.

Ine ndaima pa Mint, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti imayaka kuchokera pa fulashi osakhudza disiki. Pokagula laputopu mutenge fulashi ya Mint m'thumba. Muyatsire laputopuyo pa fulashiyo pamaso pa wogulitsayo, muone ngati disiki ikuoneka ndi kukula kwake kwenikweni, muyese Wi-Fi, mawu, kamera ndi mabatani onse a kiyibodi. Akakana kuti muyese, bwererani ndi meticais anu.