Masewera a achikulire pafupi ndi Chitakale: namwino ndi wabwino, koma mayi wa pakhomo uja ayi

Amayi anga ndinawalembetsa ku gulu la masewera olimbitsa thupi a achikulire lomwe limakumana mu holo ina pafupi ndi Chitakale. Chomwe chinandikopa ndi lonjezo lawo loti aliyense amayamba wayezedwa BP asanayambe masewera. Amayi ali pa mankhwala a BP, ndipo mawondo awo ali ndi nyamakazi chifukwa cha zaka zomwe anakhala akuthyola tiyi ku esiteti, dengu lili kumsana. K6,000 ya pamwezi ija ndimatumiza pa Mpamba tsiku lisanakwane.

Tsiku lomwe zinavuta kunali chiperoni, phiri la Mulanje losaoneka n'komwe. Makina oyezera BP analibe mabatire. Mabatire okha! Mayi amene amakhala pakhomo ndi kaundula, yemweyo wotolera ndalama, anangoti, "Agogo ingolowani, tiyezana ulendo wina." Namwino wopuma ntchito amene amatsogolera masewerawo anali atapita kumaliro ku Luchenza, ndiye gulu analisiya m'manja mwa mnyamata wina wa mpira. Mnyamatayo anawayambitsa zowerama mutu mpaka m'mawondo kenako kuweramuka msangamsanga, kubwereza osapumira, ngati akukonzekeretsa mapota, onyamulira alendo katundu m'phiri, a mpikisano wothamanga wa ku Likhubula. Aliyense amene wasamalapo wodwala BP akudziwa kuti mankhwala ena amachititsa chizungulire munthu akaimirira mwadzidzidzi. Amayi anaona mdima, anagwa n'kumenyetsa chipumi pa benchi.

Kugwako ndikanamvetsa, tsoka silinunkha. Chomwe chikundiwawa mpaka lero n'chakuti nambala yanga ili m'kaundula momwemo, mzere umodzi ndi dzina la amayi. Mwezi ukamatha, mayi ameneyu nambalayo amaipeza mosavuta. Koma tsikulo sanandiimbire, ngakhale kungoflasha. Anawakhazika amayi pakhonde pozizira, kansalu kali pachipumi, n'kumauza anthu kuti "agogowa mwina abwera osadya." Bodza, amayi anachoka kunyumba atamwa tiyi ndi chinangwa. Anali agogo anzawo amene anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kulipira kabaza mpaka kuchipatala, komwe anawasoka chilondacho. Ine ndinamva dzuwa litapendeka, kwa mwana wa aneba. Nditapita kukafunsa, mayiyo anandiyankha maso ali pafoni: "Achemwali, ife sitisunga mayunitsi oimbira aliyense." Munthu wamkulu, magazi akutuluka, yankho lake n'kukhala limenelo?

Ndinali nditatsimikiza kuti sadzapondakonso, koma amayi anakanitsitsa. Ndipo kunena zoona, namwino uja atabwera kumaliro anafika kunyumba kwathu yekha, atanyamula makina ake, anakhala pansi n'kupepesa. Anawayeza amayi atakhala, n'kuwayezanso ataimirira, anandionetsa mmene nambala zimatsikira. Apa mtima wanga unayamba kutsika.

Iyeyu akakhalapo, ntchito yake ndi yosiririka. Agogo amakhala pampando n'kumadzuka osagwira paliponse, amaima ndi mwendo umodzi dzanja lili kukhoma, amanyamula mabotolo amadzi a theka la lita m'malo mwa zitsulo. Amawauza kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza mphindi 150 pa sabata zoyendetsa thupi, ndipo kwa azaka 65 kupita m'tsogolo limawonjezera masewera othandiza kuti asamagwe, masiku atatu pa sabata. Amawawerengera ndi kuyenda kwa kumsika komwe, kuti asamaone ngati zonse zimathera mu holo. Za mchere anawauza kuti usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, ndipo amayi anasiya kuthira wina pambale, chinthu chomwe ine ndinalephera kuwaletsa. Amatsekera ndi tchopa wapang'onopang'ono, ndiye mukawaone agogo a Chilhomwe akukumbuka za ku Chonde komwe kumachitikira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ena mpaka kuiwala ndodo zawo pakona. Amayi pano amadzuka pamphasa osakwawira kukhoma, ndipo minibasi amakwera okha kondakitala osawakoka mkono.

Ndikupereka nyenyezi zitatu. Namwino yekha ndikanamupatsa zisanu. Ngati mukufuna kulembetsa makolo anu, funsani kaye ngati iye alipo tsikulo, ndipo makina a BP muwaone akuyaka ndi maso anu. Akakhala kulibe, amayi anga sapita, tinagwirizana choncho.

Ndalama ya kabaza gululo silinabweze, ndinawabwezera ndine agogo aja. Mayi wa kaundula akadali pakhomo pomwepo, ndipo sananenepo pepani kwa amayi kapena kwa ine.