Kosi ya Loweruka yokonza malo ndi njira za oyenda pansi ku Harare

Nditagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka 14 pa kampani ina ya ku Graniteside, ndinalembetsa kosi ya masabata 12 imene amaphunzitsa Loweruka lililonse mayi wina mwini nazale ya mitengo kumpoto kwa mzinda uno. Bambo anga, amene anachokera ku Dedza, anakalambira kusamalira maluwa m'mabwalo a eni ake ku Highlands, ndipo anandilipirira sukulu kuti ndisadzagwirenso khasu pakhomo pa munthu wina, choncho ndinalowa m'kalasimo ndikufuna kudziwa ngati ntchito imeneyi, imene ku mayunivesite amaitchula kuti landscape architecture, ndi yosiyanadi ndi yawo ija.

Yankho ndinalipeza pa sabata yachiwiri, pamene aphunzitsi anatitengera ku dambo la Monavale m'malo motikhazika pa desiki. Anatiuza kuti tivule nsapato, tiponde dothi lakuda la makande, tione mmene limang'ambikira m'chilimwe ndi kumata mvula ikagwa. Apa ndi pamene kosiyi ili ndi mphamvu, chifukwa anatifotokozera momveka kuti Harare anamangidwa kumtunda kwa madzi amene amamwa: mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imayambira mumzinda momwemu n'kukathira ku nyanja ya Chivero, imene damu lake linamalizidwa mu 1952, ndipo madambo ndiwo amasefa madziwo ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Monavale anaikidwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la maiko lotchedwa Ramsar mu 2013 pa chifukwa chomwecho. Munthu wokonza njira akathira zinyalala za njerwa pa dambo kuti paume, madzi amatsekeka mbali imodzi, mbali inayo amakumba chigwembe, ndipo njirayo imakokoloka mvula za Januwale zisanathe.

Ntchito ya manja inali yokwanira ndithu. Tinayeza kutsetsereka kwa malo ndi chingwe, zikhomo ndi levulo, monga momwe alimi a kwathu amayezera akalozera, ndipo tinaphunzira kuti njira imene njinga ya olumala kapena gogo woyendera ndodo angadutse bwino isakwere kupitirira mita imodzi pa mamita 20 aliwonse. Pamwamba pa njira payenera kupendekeka pang'ono kuti madzi asaime, miyala yogumula imatsenderedwa m'magawomagawo, ndipo m'mphepete mwa ngalande mumabzalidwa udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira dothi. Ku nkhalango yotetezedwa ya Mukuvisi Woodlands tinatha tsiku lonse tikuyenda pansi pa mitengo ya msasa ndi munondo, kuona mmene kanjira kamakhotera kuti kapewe mizu, ndipo aphunzitsi anatsindika kuti mtengo wachilengedwe umene ulipo kale ndi wamtengo wapatali kuposa mbande khumi za jacaranda, ngakhale maluwa ake amakometsa misewu yathu mu Okutobala. Zitsamba zobwera za lantana, zimene zimafalikira n'kupondereza zomera zina, zokha ndizo anati tizizula popanda chisoni.

Phunziro limene lakhala mumtima mwanga ndi la tinjira timene mapazi a anthu apanga okha. Anatituma kukaima m'mawa pamalo pamene anthu amadutsa kuchokera ku Mbare kupita ku mafakitale, tilembe kumene akuchokera, chimene anyamula, ndi pamene amayi amathamanga chifukwa cha mantha a achifwamba. Pulani yabwino imatsata tinjira timeneti, kenako n'kuwonjezera mlatho waung'ono, mthunzi, ndi malo oonekera patali. Anatchulako za Frederick Law Olmsted, katswiri wa ntchitoyi wa ku America, amene analumikiza mapaki a ku Boston ndi mzere wa mitengo ndi mitsinje wotchedwa Emerald Necklace, koma sanachedwepo, ndipo ndinaona kuti anachita bwino, popeza woyenda m'mbali mwa Mukuvisi nthawi zambiri amakhala akupita kuntchito chifukwa ndalama ya kombi (minibasi) yamuperewera.

Zoperewera zilipo, ndipo chimodzi ndi chachikulu. M'madambo ambiri a mzinda uno muli minda ya chimanga ndi mbatata, ndipo ena mwa olimamo ndi makolo athu omwe a ku Mufakose ndi Dzivarasekwa. Kosiyi inangotiuza kuti lamulo limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera pa mtsinje ndiponso kuti ntchito iliyonse pa dambo imafuna chilolezo cha bungwe la boma loona za chilengedwe la Environmental Management Agency, koma sinatiphunzitse mmene tingakhalire pansi ndi mayi amene munda wake ndiwo umadyetsa zidzukulu, n'kugwirizana naye pamene njira idutse. Nditafunsa, anandiyankha kuti zimenezo ndi za makhansala. Sindinakhutire, chifukwa zikhomo zimene anthu sanazivomere amazizula usiku womwewo. Kujambula mapulani pa kompyuta kunapatsidwa Loweruka limodzi lokha, makompyuta anali ochepa, ndipo magetsi atazima tinamalizira pa pepala. Kuwerengera mtengo wa ntchito sikunakhudzidwe mokwanira, ngakhale kwa ine zinali zosavuta chifukwa cha ntchito yanga yakale.

Amene akuganiza zosiya ntchito adziwenso kuti satifiketi imene amapereka pamapeto ndi yosonyeza kuti munaphunzira nawo basi, siyofanana ndi digiri, ndipo aphunzitsi ananena zimenezi poyera tsiku loyamba, chimene ndinawalemekeza nacho. Malipiro ndi a madola a ku America, ndipo amalola kupereka pang'onopang'ono. Kwa munthu amene ali kale ndi luso la kuyeza malo, kumanga kapena ulimi, kosiyi ndi yoyenera ndalama zake, koma ndingalangize kuti aichite akadali pantchito monga ndinachitira ine. Pakali pano ndikuthandiza mpingo wathu kukonza njira ya mamita pafupifupi 200 yochokera pa geti kukafika pa mjigo, ndipo tisanakhome chikhomo choyamba tinachita misonkhano itatu ndi amayi amene amatunga madzi pamenepo.