Nyumba yopanda chikwangwani imene ndimatengako PrEP

Dzina la malowa sinditchula, amene mukuwafuna funsani mnzanu amene mumamukhulupirira. Ndi nyumba wamba pa boma pano, ya mpanda wa njerwa, ndipo imalandira ife amene kuchipatala chachikulu timalowa titazyolika. Ine ndine mkazi wa trans, kutanthauza kuti ndinabadwa ndi thupi lachimuna koma ndimadzidziwa kuti ndine mkazi. M'buku langa la kuchipatala muli dzina lachimuna, ndipo namwino akaliitana pamzere ine n'kudzuka nditavala chitenje, benchi yonse imatembenuka.

Anandikokera kumeneko ndi mnzanga amene timaluka naye tsitsi. Ndinkakana. Ndinkati za kachilombo sizikundikhudza, poti ndili ndi bambo mmodzi yekha, wogula nsomba ku Makawa n'kukagulitsa ku Limbe, munthu wonenepa bwino, wapabanja pake, wosajomba kumapemphero. Matendawa ndinkati ndi a atsikana a m'mabala a ku Monkey Bay, osati ine wokhala pakhomo.

Chimene chinandigwira mtima tsiku loyamba ndi funso la anesi: "Tizikuitanani ndani, asisi?" Analemba dzina limene ndinawauza, osayang'ananso kawiri. Kenako anayamba kundifunsa modekha, ngati tikusenda mtedza pakhonde. Bambowo akapita ku Limbe amagona okha? Munayezetsapo limodzi? Kondomu amavomera? Apa ndinaseka, chifukwa bambowo amati switi sadyera m'pepala, komanso amati poti ine sindingatenge mimba, kondomu ndi ya chiyani. Kunena zoona, inenso ndinkaganiza chomwecho.

Anesi sanaseke nawo. Anandifotokozera kuti khungu la m'kati mwa kumbuyo ndi lopyapyala, silichedwa kuchekeka, ndipo pogonana motero amene akulandira ndiye ali pangozi yaikulu kuposa mnzakeyo. Anandiuzanso kuti Vaseline amene ndinkadalira uja amafooketsa kondomu mpaka kuphulika, ofunika ndi mafuta oterera osungunuka ndi madzi aja. Zaka zonse zimene ndamva uthenga wa Edzi pa wailesi, palibe ananenapo zimenezi. Uthengawo umakamba za mwamuna ndi mkazi wake basi, ndiye ife timamva ngati akunena za ena.

Funso limene linandibaya ndi lakuti, "Atakana kondomu, inu mungakane kugona nawo?" Sindinayankhe. Lendi amalipira ndi iwowo. Komanso tonse tikudziwa kuti gawo 153 la malamulo a milandu, loletsa kugonana kumene amati n'kosemphana ndi chilengedwe, limapereka chilango chofika zaka 14 kundende, kuti mnzathu wa konkuno anamangidwa mu 2021, ndiponso kuti mu June 2024 khoti linakana kuthetsa lamuloli. Mwamuna akakupsera mtima sasowa pokakuneneza. Ndiye umangovomera zambiri.

Anandiyeza, anandipeza ndilibe kachilombo, ndipo ndinayamba PrEP tsiku lomwelo, mankhwala oteteza munthu amene alibe HIV kuti asaitenge. Ndi piritsi limodzi tsiku lililonse, ndipo anati ndilimwe masiku 7 ndisanayambe kulidalira. Sabata yoyamba ndinali ndi nseru, kenako zinatha. Mantha anga anali pa mahomoni amene timamwa kuti thupi lioneke lachikazi, chifukwa ambiri mwa ife timakana PrEP poopa kuti mabere aphwa. Anesi anati PrEP sachepetsa mphamvu ya mahomoni, koma kwa munthu amene akumwa mahomoni, njira yomwera pokhapokha pamene ukukagonana ija si yoyenera, ndizimwa tsiku ndi tsiku. Atamva kuti mahomoni angawo ndi mapiritsi olera ogula mwamseri, anandikalipira ngati mayi anga. Anati angathe kuundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa wosuta fodya. Chondikhumudwitsa n'chakuti atandiletsa choncho analibe china chondipatsa, mahomoni pamalopa sapereka. Ndiye ndikumwabe, ndipo iwo akudziwa.

Zina zosayenda bwino zilipo. Botolo la PrEP likufanana ndi la ma ARV, limachita phokoso m'chikwama, moti bambo aja atalipeza panali mlandu usiku wonse. Anesi akanandichenjeza ndikanalibisa bwino. Kuyambira kumayambiriro kwa 2025, pamene dziko la America linaimitsa thandizo, masiku otsegula anachepa, mnzathu amene ankatiyendera m'makomo ndi makondomu anamuimitsa ntchito, ndipo mafuta oterera aja amatha miyezi. Jakisoni wa PrEP wa miyezi iwiri amene anayamba kubaya ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu 2024, pamalopa ndafunsa katatu, yankho ndi lakuti tidikire.

Choopsa kwambiri ndi kutseka Loweruka ndi Lamlungu. Mankhwala a PEP, oteteza munthu amene wagona ndi wina mosadziteteza kapena wagwiriridwa, amafunika kuyamba asanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Mnzanga wina anamuchita chipongwe Lachisanu usiku kutsidya kwa mlatho. Tinagogoda pageti Loweruka m'mawa, kunali mlonda yekha. Tinapita kuchipatala china komwe anamupatsa ndithu mankhwalawo, koma atamufunsa kaye pamaso pa anthu kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Ngakhale zili choncho, miyezi itatu iliyonse ndimapitabe kukayezetsa ndi kukatenga botolo lina, ndipo anzanga awiri ndawapititsako. Mmodzi anamupeza nako kachilombo, anamuyambitsa ma ARV, ndipo anesi omwe aja ndi amene amamuimbira foni akachedwa kukatenga. Mukamapita musakwere kabaza mpaka pageti, anyamata aja anayamba kale kulozerana nyumbayo. Ine ndimatsikira pa chipilala cha wotchi pafupi ndi mlatho, n'kugula mandasi, kwinako ndimayenda wapansi.