Stuart 10V: ndemanga ya munthu amene wapanga injini yake yoyamba

Zitsulo za injini ya nthunzi ya Stuart 10V ndinagula chaka chatha, koma ndinalumbira kuti sindilemba kalikonse mpaka injiniyo itazungulira. Yandidyera miyezi 7, madzulo ndikaweruka kuntchito ndiponso Loweruka, m'kashedi kanga kuseri kwa nyumba kuno ku Leicester. Ndaipatsa nyenyezi zonse 5, ndipo ndikufuna amene akuganiza zogula adziwiretu chimene chimabwera m'katoni.

Mukatsegula musayembekeze injini yongomanga ndi sipanala. Mupezamo zitsulo za cast iron (chitsulo chosungunula n'kuthira m'chikombole) zokhakhala monga zinachokera m'chikombole: tsinde, mwendo woimirira, silinda ndi gudumu. Mulinso timitengo ta brass ndi ta chitsulo, kathumba ka timabawuti ndi timanati, ndi pepala la mapulani. Bowo lililonse mubowola nokha, mazinga aliwonse mudula nokha. Bowo la silinda ndi 3/4 inchi, pisitoni imayenda 3/4 inchi, gudumu ndi la mainchi 3. Ikatha, injini yonse imakwana pachikhatho. Dzina la Stuart linayambira ku Henley-on-Thames zaka zoposa 100 zapitazo, ndiye mapulani ali m'mainchi ndipo mazinga ake ndi a BA, muyeso wakale wa ku Britain wa timabawuti ting'onoting'ono. Ine amene ndinakulira m'mamilimita ndinakhala usiku umodzi ndi pensulo kusintha miyeso yonse, n'kugula padera ma tap (tizitsulo todulira mazinga m'mabowo) a 5BA ndi 7BA. Zimenezi muziwerengere pa ndalama zanu musanaitanitse.

Chitsulo chake n'chabwino kwambiri. Khungu lakunja ndi louma chifukwa cha mchenga wa m'chikombole, choncho poyamba ndinkalipala ndi tupa yakale, kenako pa lathe (makina ozunguza chitsulo mpeni ukuchipala) pang'onopang'ono, mpeni n'kulowa ndithu pansi pa khungulo. Mukangonyambita pamwamba mpeni umabuntha nthawi yomweyo. Mukadutsa khungu, chitsulo chimagonja, chimathothoka ngati ufa wakuda, osafuna ndi mafuta omwe. Ufawo umalowa paliponse. Mayi a kunyumba ankadziwira m'zikhadabo kuti lero ndinali pa silinda.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa mwendo woimirira uja. M'kati mwake mumayenda crosshead, kachitsulo kowongolera ndodo ya pisitoni, ndipo bowo lake liyenera kulunjikana ndi bowo la silinda, kwinaku mapazi ake atakhala pa tsinde mosapendama. Mukaphonya ngakhale ndi tsitsi limodzi, pisitoni imagwira pofika m'mwamba kapena pansi. Ndinatha masabata awiri pa chitsulo chimodzichi. Ndinayamba ndasalaza mapazi, n'kumanga chitsulocho pa faceplate (mbale yozungulira ya pa lathe), n'kumayeza ndi dial indicator (choyezera chokhala ndi singano ngati wotchi) mpaka singanoyo italeka kuvina, kenako ndinapala bowo ndi nkhope ya pamwamba osachimasula. Malangizo amenewa anandipatsa ndi mkulu wina wa ku kalabu ya opanga tiinjini, bambo wopuma ntchito amene anagwira chitsulocho m'manja n'kunena kuti chilichonse chimene chiyenera kulunjikana chipalidwe pa kumanga kumodzi. Ndimawathokozabe.

Ngozi inandigwera kamodzi, ndipo wolakwa ndinali ine. Tap ya 7BA ndi yopyapyala, mamilimita 2.5 basi. Tsiku lina nditatopa ndinaikankha osaibweza kuti ithyole zinyenyeswa, ndipo ndinangomva kuti "thi", yathyokera m'kachidutswa ka brass kamene ndinakagwirira ntchito masiku atatu. Mtima unandiwawa zedi. Ndinakanyika m'madzi otentha osungunuliramo mankhwala onga mchere otchedwa alum, ndipo patapita masiku angapo chitsulo cha tap chinadyeka, brass n'kutsala bwinobwino. Njirayi imagwira pa brass. Tap ikathyokera mu silinda ya cast iron njirayi siingakuthandizeni, ndiye pamenepo dzanja lizipepuka.

Crankshaft, mtengo wopindika umene pisitoni imazunguza, ndinaipanga ndi zidutswa, kumata ndi guluu wa zitsulo wa Loctite, kukhomera timapini, kenako kudula kachigawo ka pakati. Sinandivute monga ndinkaopera. Gudumu nalo linali la Loweruka limodzi.

Chimene mapulani sakuuzani ndi dongosolo la ntchito. Amakupatsani miyeso, koma choyambira ndi kagwiridwe ka chitsulo chopanda mbali yowongoka muzipeza nokha kapena kwa anzanu. Ngati simunagwirepo lathe, yambani mwapala timitengo wamba kwa mwezi umodzi, chifukwa kamtengo mukakaononga mumangodula kena, pamene silinda mukaiononga muyenera kuitanitsa ina. Ine ndilibe milling machine, makina osemera zitsulo ndi mpeni wozungulira. Zonse ndinachita pa lathe yaing'ono yokhala ndi 4-jaw chuck (chopanira chitsulo cha mano anayi), makina obowolera ndi tupa, ndipo zinatheka.

Tsiku loyesa ndinalumikiza kapaipi ka kompuresa, n'kudontheza mafuta pa ma bearing. Ndinatsegula mpweya, gudumu linangogwedezeka n'kuima. Vuto linali eccentric, kagudumu koyendetsa valavu yolowetsa nthunzi mu silinda, kamene kayenera kutsogolera crank ndi madigiri 90 n'kupitirira pang'ono. Ndinavundukula chivindikiro cha valavu, n'kumazunguza gudumu ndi chala kwinaku ndikuyang'ana kabowo ka nthunzi kakungoyamba kusuzumira pisitoni ikafika kumapeto. Nditamanga kasikuluwu n'kutsegulanso mpweya, inanyamuka yokha, tcha tcha tcha, tebulo lonse n'kumanjenjemera. Ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti adzaone. Iye anagwada, chibwano patebulo, n'kufunsa kuti, "Adadi, batire ili pati?"

Poyamba inkafuna mpweya wambiri chifukwa zonse zinali zothina. Itayenda maola angapo ndi mafuta inamasuka, moti pano imazungulira ndi mpweya wochepa wa 10 psi, pang'onopang'ono mpaka mutha kuwerenga masipoko a gudumu. Nthunzi yeniyeni sinailawebe. Boyila ndigula yopangidwa komanso yoyesedwa kale, chifukwa chotengera nthunzi si chinthu chophunzirirapo kuwotcherera.